Mwera ku Malindi, chiperoni pa Chowe

Aliyense amene anakhalako ku Mangochi amadziwa kuti dandaulo lathu kuno ndi kutentha. Mwezi wa October timagona mawindo ali pululu, ndipo madzi a mumtsuko amakhala ngati wina wawatereka pamoto. N'chifukwa chake abale anga a ku Thyolo amaseka ndikawauza kuti tsiku limene ndinaona munthu akudwala ndi kuzizira mpaka kusokonekera mutu ndinali m'boma lomwe lino, m'dera la mfumu Chowe, kufupi ndi mlatho wa pa Shire. Munthuyo anali mphwanga, mwana wa mlongo wanga, ndipo tonse tinali pa mpikisano umene anatiyambitsa ndi iye yemwe.

Nkhaniyi inayamba mu August 2024, pamene mpingo wathu unakonza tsiku loyeza anthu matenda kwaulere. Ine ndinapita kukathandiza kulemba mayina. Anthu atatha, mayi wina wa mumpingo mwathu, amene ndi namwino, anandigwira mkono nati, "Akulu ampingo, nanunso takhalani pansi." Makina anaonetsa 168 pa 102. Anandiyezanso patapita kanthawi, koma manambala sanatsike kwenikweni. Anandiuza kuti BP ikamakhala pamwamba pa 140 pa 90 nthawi zambiri, munthu ayenera kukaonana ndi dokotala. Ndinapitadi, ndipo ndinayamba mankhwala. Ndinali ndi zaka 48. Bambo anga anamwalira ndi sitiroko ali ndi zaka 55, ndipo sindiiwala mmene mayi ankawamwetsera phala ndi supuni kwa miyezi 7 asanatisiye.

Chimene chinandipweteka n'chakuti ndinkadziyesa munthu wosamala thupi. Mowa sindinaulawepo, fodya sindimudziwa, nkhumba ndi kampango sizilowa m'nyumba mwanga. Koma ntchito yanga ndi ya muofesi, ndipo ndinkakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ngakhale popita kumsika ndinkakwera kabaza. Ndiwo zikabwera patebulo ndinkathira mchere ndisanalawe n'komwe. Pa uthenga wathu wa zaumoyo ndinkasunga bwino zoletsedwa, koma za kulimbitsa thupi, mpweya wabwino ndi kupuma mokwanira ndinkangophunzitsa ana a Pathfinder, ine osachita.

Masiku omwewo mphwangayo, mnyamata wa zaka 24 amene ankakhala nafe, anandionetsa pafoni masewera a Olympics a ku Paris. Anthu ankasambira mumtsinje wa Seine, potuluka n'kulumphira panjinga, kenako n'kutsika kuyamba kuthamanga. Pa mpikisano wa amayi msewu unali wonyowa ndi mvula, ndipo ena ankagwa ndi njinga m'makona. Masewerawa amatchedwa triathlon. Anayambira ku San Diego ku America mu 1974, ndipo analowa mu Olympics mu 2000 ku Sydney. Akatswiri amasambira makilomita 1.5, kupalasa 40 ndi kuthamanga 10. Ulipo wina waufupi, umene oyamba kumene amakonda: mamita 750 m'madzi, makilomita 20 panjinga ndi 5 a miyendo. Mnyamatayo anati, "Amalume, nyanja tili nayo, njinga tili nazo, phiri ilo likuoneka apo. Chikutivuta n'chiyani?" Ndinamuyankha kuti chikundivuta n'chakuti sindidziwa kusambira. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma mayi a kunyumba sanaseke. Anangoti, "Abambo, ana awa akadali aang'ono. Yesani."

Mipikisano yambiri yotere imachitika pa Sabata, ndiye tinagwirizana kukonza wathuwathu pa tsiku loyamba la mlungu. Tinasankha July 2025, poganiza kuti nyengo yozizira itipulumutsa ku dzuwa la kuno. Dokotala atandilola, ndinayamba ndi kuyenda basi. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu, ndipo ine ndinazigawa kukhala mphindi 30 masiku asanu. M'mawa uliwonse ndinkadutsa pa nsanja ya wotchi imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, n'kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi, n'kubwerera. Pa nsanjapo pali chikumbutso cha anthu 145 amene anafa sitima ya Viphya itamira mu July 1946. Ndinkachidutsa tsiku ndi tsiku, ndipo chinkandikumbutsa kuti nyanja imene ndikufuna kukasambiramo si ya masewera m'mwezi umenewo.

Mu Shire simosambiramo, chifukwa muli ng'ona ndi mvuu. Tinasankha gombe la ku Malindi, kum'mawa kwa nyanja, kumene kuli mishoni yakale ya Anglican ndi chipatala cha St Martin's. Ukawoloka mlatho msewu umagawika. Wina umakwera mapiri a Chowe kupita ku Namwera ndi kumalire a Chiponde, wina umakhotera kumpoto kulowera ku Malindi ndi Makanjira. Njira ya ku Malindi imadutsa m'midzi ya Ayao, pakati pa mitengo ya malambe ndi migwalangwa, mizikiti yaing'ono, ndi matandala oyanikapo usipa. Kumanja kuli mapiri a nkhalango ya Namizimu, kumanzere nyanja imaoneka n'kubisala, kuoneka n'kubisala.

Kumeneko ndinapeza mphunzitsi wanga wosambira, bambo wachikulire, msodzi, Msilamu wosaphonya mapemphero a Lachisanu. Tinadziwana pogula chambo. Atamva kuti sindidya nkhumba ndipo sindimwa mowa anati ndiye kuti ndife pachibale. Atamva kuti ndili ndi zaka 48 koma madzi akandifika m'chiuno ndimayamba kupemphera, anapukusa mutu. Miyezi iwiri yoyambirira sanandilole kusambira. Ankandiimika madzi ali m'chifuwa, kundiuza kuti ndimize nkhope n'kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, kenako kugona chagada iwo atandichirikiza msana ndi dzanja limodzi. Ana a m'mudzimo ankakhala pabwato n'kumaonerera bambo wamimba akumwa madzi a m'nyanja. Iwo anandiphunzitsanso malo oyenera kupewa: pamabango, pamene mtsinje ukulowa m'nyanja, ndiponso m'bandakucha ndi madzulo, nthawi imene zilombo zimayenda. Namwino uja anawonjezerapo za likodzo. Tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi odekha ndipo timalowa pakhungu, choncho aliyense wosambira kummwera kwa nyanja kuno ayenera kumakayezetsa, n'kulandira mankhwala a praziquantel ngati akufunika.

Pofika July tinalipo anthu 9 ofuna kuyesa, amuna 6 ndi amayi atatu. Tinapita ku Malindi Sabata litatha, dzuwa litalowa, ndipo tinagona kwa mbale wina. Usiku wonse mwera unkawomba malata. Mwera ndi mphepo yochokera kummwera cha kum'mawa, imene imalimba kuyambira May mpaka August, ndipo asodzi amaiopa kuposa mvula. Kutacha, kumwamba kunali kotuwa, mapiri a Namizimu osaoneka, kamvula kowaza kakugwa. Kwathu ku Thyolo nyengo yotere timaitcha chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Sindinkayembekeza kuti chinganditsatire mpaka kunyanja.

Chikonzero chathu chinali choti tisambire kulowa mkati mwa nyanja, kukazungulira chigubu chimene tinamangirira ku mwala, n'kubwerera, mamita 750 onse pamodzi. Mphunzitsi wanga anafika atavala jekete ziwiri, anayang'ana madzi nthawi yaitali, nati, "Lero mkati simulowa. Mphepo iyi ikuchokera kumsana kwathu. Pano pagombe madzi akuoneka ofatsa, koma ikukankhirani kutali, ndipo pobwerera mudzalimbana nayo mutatopa kale." Anachotsa chigubu chija. Anaimika mabwato awiri motsatira gombe, pamalo pamene madzi amalekeza m'chifuwa, n'kunena kuti tisambire kuchoka pa bwato lina kufika pa linzake kawiri. Tikawerengera anali mamita ngati 500. Achinyamata anang'ung'udza, ndipo nane mtima unawawa, chifukwa miyezi 11 yonse ndinkalota chigubu chimenecho. Mphwanga anati, "Agogo, ndiye kuti si triathlon yeniyeni." Iwo anangoyankha kuti, "Mwanawe, ine ndavuulapo anthu m'nyanja muno. Onse ankadziwa kusambira." Palibe anayankhanso. Mkulu wina anapemphera, ndipo tinalowa m'madzi nthawi itangopitirira 7 koloko.

Chodabwitsa n'chakuti madzi anali ofunda kusiyana ndi mphepo ya kunja. Nyanja yaikulu ngati iyi imasunga kutentha kwa miyezi yapita. Vuto langa linali mafunde ang'onoang'ono amene ankandimenya kukamwa nthawi iliyonse ndikafuna kupuma. Ndinatsamwa kawiri. Ulendo wachiwiri mantha akale aja anandigwira pakhosi, ndipo ndinaponda pansi. Mchenga unalipo. Chikhala kuti tinali ku chigubu kuja, sindikanapeza poponda. Ndinaima, ndinatsokomola, ndinatulutsa mpweya monga anandiphunzitsira, n'kupitiriza. Ndinatuluka womaliza, amayi onse atatu ali kale pamtunda.

Apa m'pamene kuzizira kunayambira. Namwino anali atatichenjeza kuti thupi lonyowa limataya kutentha mofulumira kwambiri, makamaka pamphepo, ndipo analamula kuti aliyense adzipukute, avule zonyowa, avale zouma, chipewa ndi jekete yotchinga mphepo asanakwere njinga. Mayi a kunyumba anandikutira ndi chitenje, kundipatsa nthochi ziwiri ndi kapu ya madzi otentha a mandimu ndi uchi. Zonsezi zinanditengera mphindi 12. Mphwanga anali atanyamuka kalekale. Anachita monga anaonera ku Paris: kutuluka m'madzi, kuvala nsapato, n'kukwera njinga ndi kabudula ndi malaya onyowa omwewo. Jekete yake inatsala pa mchenga, ndipo ine ndinaimanga pa keliyala.

Kuchoka ku Malindi kubwerera ku mphambano tinkalunjika kumene mwera ukuchokera. Njinga yanga ndi yakapalasa wamba, yopanda magiya, ndipo zinali ngati wina waigwira kumbuyo. Kamvula kaja kankalowa m'maso. Titakhotera ku msewu wa ku Namwera, phiri linayamba. Amene anayendapo pa Chowe amadziwa makona ake. Msewu umapindika ngati njoka, kukwera kuchokera m'chigwa cha Shire kupita kumtunda kozizira, ndipo magalimoto akuluakulu amakwawa akulira. Kukakhala kowala, ukacheuka umaona nyanja ya Malombe kumanzere, nyanja ya Malawi kumanja, ndi Shire akulumikiza ziwirizi ngati chingwe. Tsiku limenelo tinkaona nkhungu yokha. Pa kona yachitatu ndinatsika n'kuyamba kukankha. Manyazi anandithera nditakumana ndi anyamata akutsika ndi matumba a makala atatuatatu panjinga, phazi lili pa tayala m'malo mwa mabuleki. Mmodzi anandifunsa kuti ndanyamula chiyani. Nditamuuza kuti palibe, ndikungolimbitsa thupi, anauza mnzake m'Chiyao, ndipo kuseka kwawo ndinakumva mpaka atazimirira mu nkhungu.

Chapamwamba pang'ono ndinaona njinga itagona m'mbali mwa msewu. Mphwanga anali atakhala pamwala, chubu chili m'manja. Tayala linali litaphwa, ndipo anali atakhala pamenepo mwina mphindi 20, pamphepo, ndi zovala zonyowa zija. Pamene ankapalasa, thupi linkadzitenthetsa lokha. Atangoima, kutentha kunayamba kuthawa. Ankanjenjemera mpaka mano kugundana, milomo itachita mbuu. Zala zake zinkalephera kutsegula kabotolo ka guluu. Ndinamufunsa kuti anzake adutsa liti, ndipo anandiyankha za mayeso a kusukulu amene analemba zaka ziwiri zapitazo, mawu akutuluka ngati a munthu woledzera. Mtima wanga unagunda kuposa mmene unagundira paphiri. Namwino anali atatiuza kuti thupi la munthu limakhala pa madigiri 37, ndipo likatsika kupitirira 35 zizindikiro zake ndi zimenezi: kunjenjemera kosaletseka, manja osagwira, kulankhula kosamveka, kusokonezeka. Munthu akasiya kunjenjemera koma adakali wozizira, ndiye kuti zafika poipa.

Ndinamuvula malaya onyowa aja, kumupukuta ndi juzi yanga, kumuveka jekete yake ndi yanganso pamwamba, ndi chipewa changa. Pafupi panali kanyumba, utsi ukutuluka padenga. Mayi wa pakhomopo sanafunse zambiri. Anayala mphasa m'khitchini, natulutsa bulangete, ndipo tinamukhazika chapatali pang'ono ndi moto, chifukwa khungu lozizira limapsa mwini wake osamva. Bambo wina wodutsa anati timupatse kachasu pang'ono kuti atenthedwe. Ambiri amakhulupirira zimenezi, koma mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kufunda pamene kutentha kwa m'kati kukutayika msanga. Ndinakana mwaulemu. Mayi aja anali ndi phala la mgaiwa pamoto, ndipo anathiramo shuga. Popeza mnyamatayo anali maso ndipo ankatha kumeza, tinamumwetsa pang'onopang'ono. Ndili ndi supuni m'manja ndinakumbukira mayi anga akumwetsa bambo. Ndinkaopa kuti mlongo wanga ndikamuuza chiyani.

Ndinaimbira namwino, amene ankatitsatira ndi galimoto ya mbale wina pamodzi ndi mayi a kunyumba. Pamene ankafika, mnyamatayo anali atayamba kulankhula zomveka, ndipo chinthu choyamba chimene anafunsa chinali chakuti ndani akutsogola. Namwino anamuyeza, namuuza kuti mpikisano wake wathera pomwepo. Anandiyeza inenso, kundifunsa ngati ndikumva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, n'kundipatsa juzi ina youma. Anati ngati ndikufuna ndipitirize, koma iwo akanena kuti basi, ndiye basi. Ndinavomera. Tinathokoza mayi a pakhomopo ndi mawu ochepa a Chiyao amene ndimadziwa, "Sikomo kwejinji," ndipo anakana ndalama imene tinkawapatsa.

Pamwamba pa phiri tinasiya njinga pa kagolosale, n'kuyamba makilomita 5 omaliza pa msewu wafumbi umene tsikulo unali wamatope. Miyendo yochoka panjinga imakhala ngati yobwereka. Ndinkathamanga mphindi ziwiri n'kuyenda imodzi, monga ndinkachitira pokonzekera. Kumtunda kuno dziko ndi lina. Dothi ndi lofiira, m'minda yokolola kale chimanga mwatsala nandolo wobiriwira, ndipo anthu amavala majuzi pamene ife a kuchigwa tikugona ndi fani. Ndinadutsana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni, ena ali ndi mwana kumsana, opanda nsapato m'matope ozizirawo. Anandipatsa moni, n'kundipatukira. Ndinaganiza za asodzi amene amapalasa bwato usiku wonse, za anyamata a makala aja, ndi za amayi awa. Zimene ine ndinakonzekera miyezi 11 iwo amachita tsiku lililonse kuti ana adye. Matenda anga ndi a ife amene moyo watikhazika pampando, ndipo tikuchuluka m'matauni ndi m'mipingo mwathu.

Kilomita yomaliza ndinamva mapazi kumbuyo. Anali mphwanga, atafunda bulangete, akuyenda pambali panga. Namwino anamulola kuyenda pang'ono poti anali atafundidwa. Sanalankhule kanthu mpaka titaona anzathu ataima pansi pa mtengo wa mango, atagwira chingwe choyanikira zovala ngati pomalizira. Pamenepo anati, "Amalume, pepani. Agogo aja ndi anamwino ananena, ine sindinamve." Ndinamuuza kuti mawu a akulu akoma akagonera, ndipo kuti chikhala kuti si iye, bwenzi ndidakali pa kabaza. Ndinadutsa chingwecho womaliza mwa anthu 8 amene anamaliza, patatha maola oposa anayi chiyambireni. Tinaimba nyimbo imodzi, tinapemphera, ndipo tinadya mbatata yophika ndi mtedza, mvula ikuwazabe.

Amene mukufuna kuyesa zotere, kaya kunyanja kaya kwanu komweko, yambani mwaonana ndi achipatala, makamaka ngati mwapitirira zaka 40 kapena muli ndi BP kapena shuga. Yambani ndi kuyenda, ndipo muziwonjezera pang'onopang'ono. Musasambire nokha, ndipo funsani eni gombe musanalowe m'madzi. Kukazizira, sungani zovala zouma m'jumbo ya pulasitiki, ndipo musaone ngati kutaya nthawi kuima n'kusintha. Imwani madzi ngakhale ludzu lisakumveka, chifukwa m'nyengo yozizira thukuta limatulukabe. Pakhale munthu mmodzi amene mawu ake onse adzawamvera akanena kuti imani.

Patatha miyezi iwiri tonse tinakayezetsa likodzo, ndipo awiri mwa ife analandira mankhwala. BP yanga tsopano imakhala cha pa 134 pa 84. Mankhwala ndikumwabe, chifukwa dokotala sanandiuze kuti ndisiye, ndipo mchere unachoka patebulo pathu. Mwezi wa September ine ndi mphwanga tinapalasa kupita ku Malindi titanyamula shuga ndi sopo kukathokoza mphunzitsi wanga. Nyanja inali bata, dzuwa lathu lija litabwerera. Tinawapeza akusoka ukonde pansi pa mtengo. Mnyamatayo anagwada, nawafotokozera zonse zimene zinachitika pa Chowe. Iwo anamvetsera osasiya kusoka. Atamaliza, analowa m'nyumba, natuluka ndi chigubu chathu chija, chingwe chake chidakali pompo. Anandipatsa m'manja, nati, "Lero mphepo kulibe. Tiyeni mukachizungulire, ine ndikhala pambali panu ndi bwato."